Ndege yaikulu ya foam board: phunziro lake lili pa njinga

Ku America, ku Britain ndi m'maiko ena ambiri kuli anthu amene Loweruka likakwana amatenga mpeni, rula ndi guluu n'kukhala pathebulo kupanga ndege. Si ndege yokwera munthu ayi. Mwini wake amaima pabwalo atagwira rimoti, ndegeyo ili m'mwamba kumvera zala zake. Zina ndi zazing'ono, zoponya ndi dzanja limodzi. Koma zina mapiko ake amatambalala mamita 2 kapena 3, moti pofuna kuzilowetsa m'galimoto amayamba azichotsa mapikowo. Ndipo zina mwa zikuluzikuluzi n'zopangidwa ndi pepala ndi thovu louma, zinthu zoti mwana wa sitandade 1 atha kuthyola pabondo.

Munthu ukamva izi koyamba umati ndi nkhani ya anthu a masamu ovuta. Koma ine ndikuti, abale anga, aliyense amene anamangapo thumba la chimanga pakaliyala n'kukafika nalo kuchigayo osagwa, theka la nzeru yake ali nalo kale. Ndiye tiyeni tiimike njinga pakhomo pano, ndege ija tiigoneke pambali pake, tiziona chiwalo chimodzichimodzi.

Tiyambe ndi chopangira chake. Foam board ndi bolodi lopepuka la magawo atatu: pepala pamwamba, pepala pansi, pakati thovu louma loyera, lamtundu wa zoyera zija amatchingira wailesi kapena TV yatsopano m'katoni kuti isasweke. Kukhuthala kwake ndi mamilimita 5. Limene okonda ndege a ku America amagwiritsa ntchito kwambiri ndi la masentimita 51 m'lifupi ndi 76 m'litali, ndipo limalemera magalamu 100 ndi pang'ono. Amene analipanga sankaganiza za kuuluka. Ntchito yake inali yomatapo zithunzi, yolembapo zikwangwani za m'kati mwa sitolo ndi yoonetserapo ntchito za ana a sukulu.

Amene analitchukitsa pa nkhani ya ndege ndi gulu la Flite Test la ku Ohio, limene linayamba kuonetsa mavidiyo pa YouTube mu 2010. Iwo ankagula mabolodiwa m'masitolo a Dollar Tree pa dola imodzi lililonse, n'kumagawa mapulani kwaulere kuti munthu akasindikize yekha. Kale ndege zotere ankazipanga ndi thabwa lopepuka la balsa, ntchito yodya masabata kapena miyezi, ndipo ikagwa thukuta lonselo linkapita pachabe. Yaing'ono ya bolodi imatha madzulo amodzi kapena awiri. Ikagwa umaimata, kapena umachotsamo zamagetsi n'kudula ina. Mantha a kugwa atachepa, anthu analimba mtima n'kuyamba kupanga zazikulu.

Nanga pepala lingalimbe bwanji? Yang'anani felemu ya njinga yanu. Si chitsulo chodzaza ayi, ndi mapaipi obowoka m'kati, komabe amanyamula inu, thumba ndi mwana pamtanda. Chifukwa chake n'chakuti chinthu chikamapindika, ntchito yaikulu imagwiridwa ndi khungu lake lakunja. Mbali imodzi imakokedwa, inayo imapanikizidwa, pamene pakati sipamva zambiri. Bolodi lathu ndi chimodzimodzi. Mapepala awiri aja ndiwo osenza katundu, ndipo thovu ntchito yake ndi kuwatalikitsa kuti asakumane. Mukasenda pepala limodzi, bolodi limafewa n'kumapindika mosavuta. Mukalisiya ndi mapepala ake n'kulipinda kukhala bokosi lalitali la mbali zinayi, mwapanga paipi, ndipo silipotoka wamba. Thupi la ndege ndi bokosi lotero. Phiko nalonso ndi bolodi lopindidwira kutsogolo, la mpata m'kati.

Ntchito imayamba ndi pulani. Amaisindikiza pa mapepala ambiri a A4, kuwalumikiza ndi selotepi, kenako kuiyala pabolodi n'kutsata mizere yake. Kadulidwe n'kamitundu itatu. Pali kudula mpaka mpeni utulukire kuseri, pochotsa chidutswa. Pali kudula theka, mpeni kupyola pepala lapamwamba ndi thovu koma kusiya lapansi, kuti bolodi lipindike pamzere wowongoka osaduka. Ndiye pali kusema m'mphepete mopendekeka, pa madigiri 45, kuti kachidutswa kazitha kugwedezeka uku ndi uku, pepala lotsala lija likugwira ntchito ya hinjesi. Mpeni ukhale wakuthwa nthawi zonse, chifukwa wobuntha umang'amba thovu m'malo modula. Guluu wake ndi uja wosungunula ndi kamfuti ka magetsi, amene amagwira pasanathe mphindi imodzi. Supagulu wamba musamuyandikize, ndi penti yopopera yomwe, chifukwa yambiri imadya thovu n'kusiya dzenje.

Adani a bolodili ndi awiri, madzi ndi kutentha. Likanyowa, pepala limafufuma n'kumatuka, mphamvu yonse n'kuthera pomwepo. Si mvula yokha, ngakhale mame a pa udzu m'mawa amakwanira. N'chifukwa chake ambiri amakuta ndege ndi selotepi yaikulu yomatira makatoni, kapena kuipaka vanishi wamafuta mopyapyala. Aliponso mabolodi a pepala losalowa madzi msanga, opangidwira ndege penipeni. Kutentha nako kumafewetsa guluu uja. Ndege yosiyidwa m'galimoto yotseka padzuwa la Okutobala mutha kukaipeza mchira utapendama.

Tsopano tifike pa ukulu, pamene pagona nkhani yonse. Pakati pa okonda masewerawa ku America, ndege imawerengedwa kuti ndi yaikulu mapiko ake akafika mainchesi 80, amene ndi masentimita 203. Ikakhala ya mapiko awiri osanjikizana, muyeso ndi mainchesi 60, masentimita 152. Amaikonda yaikulu pa chifukwa chomwe munthu wamkulu sakwerera kanjinga ka mwana popita kutali. Tayala lalikulu limadutsa pa timiyala ndi tizigwembe osamva, pamene laling'ono limadumpha ndi chilichonse. Ndege yaikulu nayo siitekeseka ndi kamphepo kalikonse. Imatembenuka mofatsa, kupatsa woyendetsa nthawi yoganiza, ndipo imaoneka bwino ili patali.

Koma kukulitsa kuli ndi msampha wake. Taganizani za bokosi la tomato la pakaliyala. Mukakhoma lina lotalika kawiri, lotambalala kawiri, lakuya kawiri, tomato wolowamo sawirikiza kawiri ayi, amawirikiza ka 8. Pamene pansi pa bokosilo, posenza katundu yenseyo, pakula ka 4 kokha. Galileo analemba za lamulo limeneli mu 1638, ndipo palibe wopanga ndege amene analizembapo. Mukatenga pulani ya ndege yaing'ono n'kukulitsa chilichonse kawiri, ndi kukhuthala komwe, kulemera kumawirikiza ka 8 pamene phiko lakula ka 4. Chigawo chilichonse cha phiko chimasenza katundu wowirikiza kawiri, ndipo ndegeyo iyenera kuthamanga kwambiri kuti isagwe.

Bolodi limathandiza pa vutoli, koma limabweretsa lina. Ilo silikhuthala chifukwa choti ndege yakula, likadali la mamilimita 5 omwe aja. Choncho ndege yaikulu ya bolodi imakhala yopepuka poyerekeza ndi msinkhu wake, ndipo n'chifukwa chake imauluka pang'onopang'ono mosangalatsa maso. Koma khungu lopyapyala lomwe lija tsopano liyenera kugwira phiko lotalika kawiri. Mangani mtengo mopingasa pakaliyala, mupachike chigubu cha madzi mbali iyi, china mbali iyo. Mtengo ukakhala waufupi palibe vuto. Ukakhala wautali, zigubu zomwezo zimauweramitsa, ndipo ukathyoka umathyokera pakati, pamene mwamanga chingwe. Phiko ndi mtengo womwewo, kungoti mpweya umalikankhira m'mwamba pamene thupi la ndege likukokera pansi. Malo a ngozi ndi pamene phiko lakumana ndi thupi.

Mankhwala ake ndi msana. M'kati mwa phiko mumayalidwa chinthu cholimba choyenda kuchokera kunsonga iyi mpaka inayo. M'ndege yaing'ono msanawo umangokhala timizere ta bolodi lomwelo tomata pamodzi. M'ndege ya mamita 2 kapena kuposa, zimenezo sizikwanira. Pamafunika kathabwa ka paini kowongoka kopanda mfundo, kapena paipi ya aluminiyamu, kapena ndodo ya carbon fibre kwa amene angaipeze. Kathabwako kaimikidwe cham'mbali, osati kugonekedwa, pakuti thabwa loimika limapirira katundu wochuluka kuposa logoneka. Pakati penipeni pamaikidwa chidutswa cha pulayiwudi cholumikiza mbali ziwirizo. Ambiri amapanga phiko lochotsa, lomangidwa kuthupi ndi malamba a mphira kapena mabawuti a pulasitiki. Zimenezi zimathandiza ponyamula, komanso ndege ikagwa chimaduka ndi lamba kapena bawuti, phiko n'kupulumuka.

Palinso nkhani ya zilumikizo. Bolodi limodzi ndi masentimita 76 okha, choncho phiko la mamita 2.4 limafuna mabolodi osachepera 4 olumikizidwa m'litali. Mmisiri wabwino saika chilumikizo cha pamwamba ndi cha pansi pamalo amodzi. Amazisemphanitsa, kuti pamene khungu lina lafooka linalo likhale lathunthu. M'kati mwa phiko ndi m'kati mwa thupi amaikamo nthiti motalikirana pang'ono, kuti khungu lisalowe m'kati likapanikizidwa. Pomangira mota ndi pomangira miyendo ya matayala pamafunikanso pulayiwudi, chifukwa nati ndi bawuti sizigwira pathovu.

Musanaulutse, phiko liyesedwe pansi. Wakabaza amadziwa kuti thumba la makilogalamu 50 likafika pachigwembe limagunda kaliyala ngati lalemera kawiri. Ndege nayo ikamakhota kapena kudzuka mwadzidzidzi, katundu wa pamapiko amachuluka. Ikapendekeka madigiri 60 pokhota osatsika, mapiko amasenza kuwirikiza kawiri kulemera kwake, ndiye kuti ndege ya makilogalamu 4 yasanduka ya 8. Choncho amaitembenuza chagada, kuichirikiza pathupi, n'kuyala timatumba ta mchenga pamapiko pang'onopang'ono mpaka mchengawo uwirikize kawiri kapena katatu kulemera kwa ndege. Ngati n'lothyoka, lithyokere pano, pamene pansi pake palibe mutu wa munthu.

Felemu ikalimba, funso lotsatira ndi la pomanga katundu. Mwina munaonapo njinga imene thumba lamangidwa motulukira kumbuyo kwambiri. Pamalo athyathyathya imayenda, koma mahandulo amapepuka, tayala lakutsogolo limangoyandama, ndipo pachitunda limadzuka n'kugwetsa munthu chagada. Kusuntha thumba lomwelo kutsogolo chikhatho chimodzi kumasintha ulendo wonse. Pa ndege palibe chofunika kuposa ichi. Pali malo amodzi pansi pa phiko pamene mukaika zala ndege iyenera kukhazikika, mphuno itaweramira pansi pang'ono. Kwa phiko lowongoka, malowa ali pakati pa gawo limodzi mwa 4 ndi gawo limodzi mwa 3 la m'lifupi mwake, kuwerengera kuchokera kutsogolo. Phiko likakhala la masentimita 40 m'lifupi, zala zikhale pa masentimita 10 mpaka 13. Ndege yaikulu amaiyesa anthu awiri, wina mbali iyi, wina mbali iyo.

Yolemera kutsogolo imavuta kudzutsa mphuno ndipo imatera mothamanga, koma imatera ndithu. Yolemera kumbuyo siimva rimoti. Imadzutsa mphuno yokha, imapendamira mbali, ndipo kawirikawiri ulendo wake woyamba umakhalanso womaliza. Ndege zazikulu zimakonda kulemera kumbuyo chifukwa mchira uli kutali. Ngati mtunda wochokera paphiko kukafika kumchira ndi wotalika katatu kuposa wokafika kumphuno, magalamu 20 a guluu wowonjezera kumchira amafuna magalamu 60 kumphuno kuti zifanane. Ndiye mchira upangidwe mopepuka. Batire, limene ndilo thumba lathu lolemera, likhale ndi malo osunthira kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo malo ake akapezeka limangidwe zolimba kuti lisasunthe ndege ili m'mwamba.

Njinga yoima imagwa, yoyenda siigwa. Mwana wophunzira kupalasa amagwa chifukwa choopa liwiro, osadziwa kuti liwirolo ndilo likumugwira. Phiko nalonso limanyamula pokhapokha mpweya ukamalidutsa. Limakumana ndi mpweya litadzutsa kutsogolo pang'ono, n'kuukankhira pansi, ndipo mpweyawo umalikankhira m'mwamba. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yonyamula imawirikiza ka 4. Likatsika ndi theka, imatsala gawo limodzi mwa 4. Woyendetsa akachepetsa liwiro n'kumadzutsabe mphuno kuti ndege isatsike, pamafika poti mpweya umaleka kutsata pamwamba pa phiko, ndipo ndege imangosiya n'kuyamba kugwa. Njira yopulumukira ndi kutsitsa mphuno kuti liwiro libwerere, ngakhale mtima ukunena zosiyana. N'chifukwa chakenso ponyamuka ndi potera ndege imayang'ana kumene mphepo ikuchokera. Mphepoyo imapatsa phiko mpweya waulere, ndege isanafunike kuthamanga kwambiri pansi.

Njinga yabwino mukaikankha yopanda munthu imadziwongola yokha kwa kamtunda. Ndege yophunzirira amaipanganso motero. Phiko amaliika pamwamba pa thupi, ndipo nsonga zake amazikweza pang'ono kuposa pakati. Ikapendekeka imafuna kubwerera yokha. Pa ndege yanu yaikulu yoyamba, sankhani mtundu umenewu.

Miyendo ya wopalasa ndiyo mota, ndipo tayala logwira msewu ndilo pulopela yogwira mpweya. Amene ali ndi njinga ya magiya amadziwa kuti pachitunda ndi katundu sufuna giya yothamanga, umafuna yokoka. Ndege yaikulu yoyenda mofatsa imafuna pulopela yaikulu yozungulira pang'onopang'ono, osati kapulopela kongolira. Pa mphamvu, muyeso umene ambiri amatsata ndi mawati 150 mpaka 200 pa kilogalamu iliyonse kwa ndege youluka wamba. Ya makilogalamu 4 ikufuna mawati 600 mpaka 800. Ena m'malo mwa mota imodzi yaikulu amaika ziwiri zocheperapo, imodzi mbali iliyonse ya phiko.

Magetsi amachokera ku batire la mtundu wa LiPo, lachibale ndi la m'foni koma lotha kutulutsa magetsi ambiri nthawi imodzi. Selo iliyonse ndi mavoliti 3.7, ndipo ikadzaza imafika 4.2. Maselo 4 amapereka mavoliti 14.8, maselo 6 amapereka 22.2. Pakati pa batire ndi mota pali kachipangizo kotchedwa ESC, kamene kamayeza magetsi opita kumota malinga ndi chala cha woyendetsa. Mawati 800 pa mavoliti 22.2 amakoka maampu 36, choncho ESC ikhale yopirira 50 kapena kuposa, kuti isapse. Ulendo umodzi nthawi zambiri umakhala wa mphindi 5 mpaka 10, ndipo woyendetsa wanzeru amatera batire lisanatheretu, chifukwa LiPo yokamidwa mpaka kumapeto imawonongeka.

Apa ndipemphe kusamala. Batire la LiPo likabooledwa, likadzazidwa mopitirira kapena mawaya ake akakhudzana, limayaka moto wovuta kuzima. Litchajidwe ndi tchaja yake yeniyeni, pasimenti, kutali ndi makatani ndi udzu, munthu ali pomwepo. Lofufuma lisagwiritsidwenso ntchito. Pulopela nayo imadula zala mpaka pafupa. Poyesa zamagetsi m'nyumba, yambani mwaichotsa.

Tatsala ndi kuwongolera. Mukafinya buleki pamahandulo, kebulo imatenga lamulo la dzanja kukalifikitsa kutayala. Pa ndege, gawo lalitali la kebuloyo lalowedwa m'malo ndi wailesi. Rimoti imatumiza uthenga pa 2.4 GHz, ndipo imayamba yazindikiritsidwa kwa risiva yake, kuti anthu angapo athe kuulutsa pabwalo limodzi popanda wina kulamula ndege ya mnzake. Risivayo, imene ili m'ndege, imauza timamota ting'onoting'ono totchedwa servo, ndipo servo iliyonse imakankha kapena kukoka kawaya kolimba kopita ku chitseko chake. Zitsekozo ndi tizidutswa tija ta hinjesi ya pepala. Cha kumchira chogona chimadzutsa kapena kutsitsa mphuno. Cha kumchira choimirira chimatembenuzira mphuno kumanja kapena kumanzere. Ziwiri za kumbuyo kwa phiko zimayenda mosemphana, china m'mwamba china pansi, kupendeketsa ndege monga wopalasa amapendekekera pakona. Tikawonjezapo liwiro la mota, zolamula zakwana 4.

Buleki ya kebulo yokhwepa mumafinya mpaka kumahandulo njinga ikupitabe. Pa ndege yaikulu kukhwepa n'koopsa koposa, chifukwa chitseko chogwedera chimayamba kunjenjemera ndi mphepo mpaka kuthothoka. Timaservo ta magalamu 9 ta mano a pulasitiki, tokwanira pa ndege yaing'ono, pano mano ake amagumuka. Pamafunika zazikulu za mano achitsulo, ndi magetsi okwanira kuti zonse zikoke nthawi imodzi risiva osazima. Taonaninso kuti kebulo ya buleki imayenda m'kati mwa kapaipi kake. Kawaya kotalika kakamakankha kamapindika, ndiye kaziyenda m'kapaipi komatidwa kuthupi, apo ayi servo iikidwe pafupi ndi chitseko chake.

Tsiku loulutsa koyamba likhale la bata, m'mawa mame atauma. Ndege ili pansi, yesani chitseko chilichonse muone ngati chikupita kolondola, pakuti ndege zambiri zatsopano zagwa chifukwa choti mawaya anatembenuzidwa, kumanja n'kukhala kumanzere. Mnzanu agwire ndege, inu muyende masitepe 30 rimoti itachepetsedwa mphamvu monga buku lake likunenera, muone ngati ikumvabe. Itcheredwenso kuti uthenga ukaduka mota izime yokha. Chosokoneza ophunzira n'chakuti ndege ikamabwera kwa iwe, kumanja kwake kuli kumanzere kwako. Zimenezi zimazolowereka pa mapulogalamu oyeserera a pakompyuta kapena pafoni, komanso ndi munthu wodziwa ataima pambali, monga mkulu amagwirira chishalo mng'ono wake akamaphunzira.

Mwina mukuti zonsezi ndi masewera a anthu okhuta. Masewera alimodi, ndipo ku Ohio anthu amasonkhana pa chikondwerero cha Flite Fest, chimene chinayamba mu 2014, kumanga ndi kuulutsa limodzi. Koma bolodi lomweli lafika patali. Mu 2023 akatswiri ndi ophunzira a pa University of Manchester anaulutsa drone ya mapulopela 4 yopangidwa ndi foam board ya mamilimita 5, yotalika mamita 6.4 kuchokera kungodya ina kukafika ina, yolemera makilogalamu 24.5. Kwathu kuno, boma la Malawi ndi UNICEF anatsegula malo oyeserera ma drone ku Kasungu mu Juni 2017. Mu Novembala chaka chomwecho ophunzira a ku Malawi, mothandizidwa ndi a pa yunivesite ya Virginia Tech, anamanga ndege zotchedwa EcoSoar ndi foam board ndi tizidutswa ta pulasitiki topangidwa pamakina osindikizira zinthu. Imodzi inauluka yokha makilomita 19 kuchokera ku Gogode kukafika pabwalo la ndege la Kasungu, poyesa kanyamulidwe ka mankhwala. Mu Januwale 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa African Drone and Data Academy, sukulu yophunzitsa achinyamata a mu Africa kupanga ndi kuulutsa ndege zotere. Kadulidwe ka bolodi ndi kamangidwe ka batire n'komweko, kaya ndegeyo ndi yosewerera kaya yonyamula mankhwala.

Ndege ya makilogalamu 4 yothamanga makilomita 60 pa ola si chidole ikagunda munthu. Ku America lamulo limafuna kuti yoposa magalamu 250 ilembetsedwe ku bungwe la FAA, ndipo isakwere kupitirira mamita pafupifupi 120. Ya ku Manchester ija anailekezera dala pa 24.5 chifukwa malire a ku Britain ndi makilogalamu 25. Dziko lililonse lili ndi malamulo ake, choncho funsani oyang'anira za maulendo a ndege kwanuko musanaulutse. Nzeru zathu zomwe zikutiuza zomwezo: kutali ndi bwalo la ndege, kutali ndi nthambo za magetsi, msika ndi denga la mnansi, ndipo ana aime kumbuyo kwa woyendetsa.

Za mtengo ndinene zoona. Bolodi ndilo lotchipa. Rimoti, mota, batire, tchaja ndi maservo si zotchipa, ndipo ambiri a ife tiyenera kuitanitsa kunja. Ubwino wake ndi woti rimoti, risiva ndi tchaja zimagulidwa kamodzi n'kumasamuka kuchoka m'ndege ina kupita m'ina. Pogula bolodi m'masitolo a zolembera kapena kwa osindikiza zikwangwani, liikeni pasikelo. Lilipo lina la pulasitiki yolimba looneka mofanana koma lolemera kangapo, ndipo ndege yake imavuta kudzuka.

Palibe amene amaphunzira kupalasa pa njinga yosenza katundu. Yambani ndi ndege ya phiko la mita imodzi, ya mabolodi awiri kapena atatu. Igwe, muimate, igwenso, mpaka zala zizolowere ndipo maso azitha kuzindikira yolemera kumbuyo isanafike pansi. Kenako kulitsani, mukudziwa kuti msana, maservo ndi mota ziyenera kuganiziridwa mwatsopano, osati kungokulitsa mizere ya papulani.

Ndipo inu aphunzitsi ndi makolo, mwana amene amapinda waya kukhala galimoto ya chiwongolero chokhota ali nalo kale diso ndi manja a ntchitoyi. Ngati sukulu kapena gulu la achinyamata lingasonkhe n'kugula rimoti imodzi ndi mota imodzi, ana ambiri angaphunzirirepo mosinthana. Muwapatse mpata ayese, ndipo pa nkhani ya batire ndi pulopela pakhale munthu wamkulu pambali pawo.